Anawoloka msewu ndi poto mmodzi

Amene munadutsapo pa Lizulu popita ku Blantyre kapena ku Lilongwe mukudziwa kuti msewu wa M1 pamenepaja ndiwo malire. Mbali ino ndi Malawi, mbali inayo ndi Mozambique. Ukagula kabichi tsidya lino n'kukagula tomato tsidya linalo ndiye kuti wagula m'maiko awiri, ndipo palibe wokufunsa pasipoti. Ine ndinabadwira kufupi ndi pomwepo, ndipo ndimalima mbatatesi ndi kabichi monga ankachitira malemu bambo anga. Zimene ndikufuna kukuuzani zinandigwera mu 2023, koma kuti mundimvetse ndiyambire ku 1986, ndili kamnyamata ka Sitandade 2.

Chaka chimenecho nkhondo ya ku Mozambique inafika poipa kumbali ya Angonia. Asilikali a boma la Frelimo ankamenyana ndi a Renamo, amene kwathu tinkangowatchula kuti Matsanga. Usiku mfuti zinkamveka ngati nsungwi zikuphulika pamoto, ndipo kukacha tinkapeza anthu ali mbwee m'mbali mwa msewu, ena ndi mitolo, ena opanda kanthu. M'zaka zotsatira Malawi anasunga anthu othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo Ntcheu ndi Dedza anali m'gulu la maboma amene analandira ambiri. Ochuluka a iwo sanapite kumakampu ayi. Anamanga timisasa pakati pathu, chifukwa chilankhulo n'chimodzi, ziwongo n'zimodzi, ena anali abale athu enieni amene msewu unangowadulira mbali inayo.

Mbandakucha wina tinamva odi pakhomo. Amayi atatsegula anapeza mayi wina ali chilili, mwana kumbuyo, poto wakuda wopindika pamutu, mapazi atatupa ndi minga. Chitenje chinali chitang'ambika moti ankachigwirira ndi dzanja. Sanayambe ndi kufotokoza kuti ndi mwana wa yani kapena wachokera mudzi uti. Anangoti, "Mayi, ndathawa."

Amayi anali a Chigwirizano ku mpingo wathu wa CCAP, ndipo sanafunse zambiri. Anamulowetsa m'khitchini, n'kukoleza moto, n'kuteleka phala. Bambo anang'ung'udza ndithu, poti nkhokwe chaka chimenecho inali yosadzadza, koma amayi anangowayankha kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amati mlendo ndi mame, koma mame amenewa sanakamuke msanga. Mayi uja anakhala nafe mpaka 1994, patapita nthawi kuchokera pamene mbali ziwirizo zinasainirana mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Mwamuna wake sanaonekenso.

Mayiyo anali Mkatolika, ndipo sankadziwa kuwerenga. Ndiye madzulo ankandiitana kuti ndimuwerengere Baibulo la amayi pa koloboyi, ine ndikugwagwada ndi zilembo. Ankakonda malo amodzi, Salimo 46: "Mulungu ndiye pothawirapo pathu ndi mphamvu yathu, thandizo lopezekeratu m'masautso." Mfuti zikayamba tsidya lija ankangoti, "Iwe, tawerenga paja." Tsiku lina ndinamufunsa mwachibwana kuti, ngati Mulungu ndi pothawirapo, nanga bwanji mfutizi sizikusiya? Anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Mwanawe, mfutizo ukuzimva, inenso ndikuzimva. Koma ndagona pati ine? Si m'nyumba mwa amako?"

Ndinakula, ndinaiwala. Kapena ndinene kuti ndinaziika penapake m'mutu, ngati mbewu yosungidwa kudenga.

Tsopano za ineyo. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, ndipo feteleza anali atakwera kale mtengo. Munthu wanzeru akanachepetsa munda. Ine ndinaukuza. Ndinaona anzanga ena atagula njinga zamoto ndi ndalama za mbatatesi, mtima unayamba kundiyabwa. Ndinachita lendi munda wina, ndinagula mbewu yambiri. Ndalama zina mayi akunyumba anakanditengera ku banki m'khonde ya gulu lawo, zimenezo tinagwirizana. Koma sizinakwane, ndiye ndinapita ndekha, mwakachetechete, kwa bambo wina wokongoza katapila. Mgwirizano unali woti mwezi ukatha ndisanabweze, pamwamba pake pabwere theka lina. Ndinasiya chiphaso changa ngati chikole, ndinasaina, ndinatuluka ndikudziuza kuti ndikakolola ndidzabweza kamodzi n'kamodzi, palibe adzadziwe.

Mbatatesi inamera bwino, masamba ali biriwiri moti odutsa ankaima n'kuyamikira. Kenako mu Febuluwale ndi Malichi 2023 kunabwera mvula yosakata, yamvumbi, ndi nkhungu yathu ija ya kumapiri. Amene mumalima kachewere mukuidziwa nyengo imeneyo. Chiwawu, matenda a mbatatesi, chimakonda kukazizira ndi kunyowa. Mankhwala ake amafuna upopere matenda asanalowe, ndiponso masamba aume kaye, koma ine ndinkati ndikapopera m'mawa, masana mvula yatsuka. Mawanga akuda anayamba m'mphepete mwa masamba, pasanathe masabata awiri munda wonse unali ngati wawauka ndi moto. Nditakumba ndinapeza zambiri zitawolera pansi. Fungo lake sindidzaliiwala. Zimene ndinatola sizinakwane ngakhale kubweza za ku banki m'khonde.

Mwezi wa Malichi womwewo ndi umene namondwe wa Freddy anakokolola anzathu ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kummwera. Anthu ankaika maliro a mabanja athunthu. Ndinkadzifunsa kuti, ine wongotaya mbatatesi ndidandaule chiyani? Ndiye ndinatseka pakamwa. Apa ndi pamene panayambira vuto lenileni, osati pa chiwawu paja.

Kumpingo ndinali munthu wodalirika. Ndinkasunga ndalama za pa mlaga wathu, ndinkapatsidwa mapemphero otsegulira, ndipo ndinkapemphera mokweza ndi motalika monga kale. Koma ndikakhala ndekha pakamwa pankauma. Mumtima ndinali nditapanga pangano lopusa: ndiyambe ndakonza zinthu, ndibweze katapila uja, kenako ndidzabwere kwa Mulungu ndili woyera, ndidzapereke ndi umboni womwe. Ndinkaona ngati munthu amene wadzitchera yekha msampha alibe ufulu wolira. Wodwala malungo apemphere, wamasiye apemphere, koma wadyera ngati ine ayambe wadzikonza.

Ngongole ija inkabereka mwezi ndi mwezi. Foni ndinkaizimitsa. Ndikaona munthu wofanana ndi bambo uja pamsika ndinkalowa kuseri kwa matumba. Nsima ndinkangoinyema kawiri n'kusamba m'manja. Mayi akunyumba akafunsa ndinkati ndi zilonda za m'mimba. Ndinafufuza mtengo wopitira ku Joni, ndikuganiza zongosowa osatsanzika. Ndiye panabwera tsiku limene ndinatsegula kachikwama ka ndalama za mlaga n'kuziwerenga kawiri, osati pofuna kuona ngati zakwana. Sindinatengepo, koma ndinadziwa kuti dzanja langa latsala pang'ono. Ndipo ndinene mosabisa, popeza ndikulembera anthu amene mwina ali pomwepa: kunabweranso maganizo akuti mwina banja langa lingapepukidwe ine nditachoka pa dziko. Maganizo amenewa sabwera ndi phokoso. Amabwera mofatsa, ngati mnzako wokufunira zabwino. Ndi abodza.

Davide analemba mu Salimo 32 kuti pamene anakhala chete mafupa ake anakalamba ndi kubuula tsiku lonse. Kale ndinkayesa n'kukometsera chabe mawu. Ayi ndithu, thupi limauma. Lamba wanga ndinaboola mabowo awiri atsopano.

Usiku wina mu Juni, kukuzizira kwa ku Ntcheu kuja koluma makutu, tulo tinakaniratu. Ndinavala jekete n'kutuluka, osadziwa kumene ndikupita. Miyendo inandifikitsa kumsewu. Pamsika panali zii, mabenchi ali okhaokha, agalu akununkhiza makoko a kabichi. Ndinakhala pa benchi lina ndikuyang'ana tsidya la Mozambique, kuli mdima bii. Ndipo sindikudziwa kuti zinachokera kuti, koma ndinamuona m'maganizo mayi uja akuwoloka pomwepo, poto pamutu, dzanja litagwira chitenje.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti sanadikire kuti asambe. Sanabwerere kukatenga chitenje chabwino kuti akaoneke ngati munthu pakhomo pa eni. Sanaime m'tchire kukonza mawu okanena. Akanati achite zimenezo bwenzi atafera tsidya lomwelo. Anabwera monga analili, n'kunena mawu amodzi oona. Ine miyezi itatu yonse ndinali m'tchire, ndikusoka chitenje, mfuti zikuyandikira.

Miyambo 18:10 imati, "Dzina la Yehova ndilo linga lolimba, wolungama athamangiramo napulumuka." Vesi limeneli ndinkaliloweza kuyambira ku Sande sukulu, koma ndinkangomva mawu akuti linga lolimba. Mawu akuti athamangiramo ndinali ndisanawamvepo. Munthu wothamangira m'linga ndi munthu amene wavomera kuti kunjaku zamukanika. Ndi chimene ine, mwamuna wachingoni wophunzitsidwa kuti mwamuna salira, sindinkafuna kuvomera.

Ndinagwada pafumbi pakati pa mabenchi aja. Mapemphero anga aatali aja onse anathawa. Ndinangoti, "Ambuye, ndathawa." Ndinabwereza kangapo, kenako ndinalira ngati mwana. Sindinamve mawu ochokera kumwamba, sindinaone kuwala. Lole ina inadutsa, agalu anauwa. Koma nditadzuka ndinadziwa chinthu chimodzi choti ndichite, ndipo chinali chowawa kuposa kugwada kuja.

Nditafika kunyumba ndinawadzutsa mayi akunyumba.

"Mayi, tadzukani. Pali zimene ndakhala ndikukubisirani."

Anakhala tsonga, n'kuyatsa tochi ya pafoni. Ndinanena zonse, ndalama zake, dzina la bambo uja, za ku Joni, za kachikwama ka mlaga, ngakhale maganizo oipa aja. Anakhala chete nthawi yaitali.

"Bambo, mumayesa ine sindimaona? Munthu ndagona naye mphasa imodzi zaka zonsezi? Ndimangodikira kuti mundiuze ndi pakamwa panu. Koma zomwe mwanena pomalizirazo, musadzaziganizenso muli nokha. Ngongole tibweza. Inu tikakukwirirani tikakutengani kuti?"

Musaganize kuti zinathera pamenepo mokoma. Anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Masiku angapo ankandipatsa nsima osandiyang'ana kumaso. Ku gulu lawo la banki m'khonde ndi iwo amene ankanyozeka chifukwa cha ine. Koma usiku umenewo ndinagona tulo koyamba m'miyezi itatu.

M'mawa mwake tinapita kwa amalume, ndipo iwo anaitana mkulu wa mpingo wina wachikulire amene anali mnzawo wa bambo anga. Ndinkayembekeza kukalipiridwa. Mkuluyo anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anatsegula Yoswa 20, nkhani ya midzi yopulumukirako. Anatifotokozera kuti Mulungu analamula Aisraeli kupatula midzi isanu ndi umodzi, itatu tsidya lino la Yordano, itatu tsidya linalo, kuti munthu amene wapha mnzake mwangozi athawireko wolipsa asanamupeze. Anati pa Deuteronomo 19 analamulanso kuti njira zopita kumeneko zikonzedwe. Ndiye anaika chala pa vesi 4 ya Yoswa 20 n'kundiuza kuti ndiwerenge ndekha. Pamenepo akuti wothawayo aime pa chipata cha mudzi, afotokoze mlandu wake m'makutu a akulu a mudziwo, ndipo iwo amulandire, amupatse malo akhale nawo.

"Waona, mwana wanga?" anatero. "Midzi imeneyi sanamangire anthu opanda mlandu. Ndipo sankalowera pa mpanda usiku. Umaima pachipata, n'kunena chimene chakuthamangitsa. Iwe dzulo unaima pachipata. Ife ntchito yathu ndi kukupatsa pokhala."

Kunena zoona, mlandu wanga sunali wangozi ngati wa anthu a m'midzi imeneyo. Dyera linalipo, bodza linalipo. Ndinawauza zimenezo. Anangoti, "N'chifukwa chake ife tili ndi Yesu, osati mudzi wa miyala."

Zimene zinatsatira n'zosasangalatsa kuzimva, koma ndi zimene zinandithandiza, ndiye ndizinena. Tinatenga kope la mwana n'kulemba ngongole zonse, aliyense ndi ndalama zake. Ndinadabwa kuona kuti chinthu chimene m'mutu chinkaoneka ngati phiri la Dedza, papepala chinali nambala, yaikulu inde, koma yokhala ndi mapeto. Ndalama za mlaga ndinakazipereka tsiku lomwelo zili zokwana, n'kupempha kuti asunge wina. Ena ananong'onezana, ndinapirira. Kenako amalume anandiperekeza kwa bambo wa katapila uja. Ndekha ndikanangolonjeza zabodza zina chifukwa cha mantha. Amalume anakambirana naye modekha kwa maola awiri, mpaka anavomera kuti chiwongoladzanja chiime pomwe chafikapo, ndizibweza pang'onopang'ono, ndipo tinakalemberana pamaso pa amfumu. Munthu wokongoza amafuna ndalama zake, ndipo wobisala amamukwiyitsa kuposa wobwera yekha.

Tinagulitsa nkhumba ziwiri ndi njinga yanga. Munda wa lendi uja ndinaubweza. Ine amene ndinkalemba anthu ganyu ndinayamba kunyamula matumba a anzanga kukweza m'malole pa Lizulu pomwepo, anyamata amene ndinkawatuma akundiona. Mu Novembala 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti, zinthu zinakweranso, ndipo miyezi ina tinkalephera kupereka zimene tinalonjeza. Tikalephera ndinkapita ndekha kukanena tsiku lisanafike. Mayi akunyumba anandikakamizanso kupita kuchipatala chifukwa cha kusowa tulo ndi maganizo aja. Ndinkakana poganiza kuti n'kusowa chikhulupiriro, koma mkulu uja anati amene analenga mankhwala ndi amene timamupempherayo. Ndinapita, anandimvetsera, anandithandiza. Ngati inu mukuwerenga izi muli ndi maganizo ngati amene ndinali nawo, musadikire kuti kuche bwino. Uzani munthu lero lomwe, mkazi wanu, mbale wanu, abusa, kapena a chipatala.

Pali zina zimene anthu ankandilangiza zimene ndikuthokoza kuti sindinatsatire. Wina anandiuza za mneneri amene ukapereka ndalama ya "mbewu" ngongole imafufutika yokha. Ndinaganiza kuti, munthu ndamira chifukwa chofuna njira yachidule, ndiye nditulukenso ndi njira yachidule? Wina anati ndizigona nditatsegula Baibulo pa Salimo 91 kumutu kwa bedi. Salimo limenelo ndimalikonda, "Ndidzati kwa Yehova, Pothawirapo panga ndi linga langa." Koma si chithumwa. Tisaiwale kuti pa Mateyu 4 Satana anatenga mawu a m'Salimo lomweli pouza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi, ndipo Yesu anakana. Inenso potenga katapila uja ndinkachita ngati kudziponya, ndikuti Mulungu andiwakha. Kumeneko si kuthawira kwa Mulungu, n'kumuyesa.

Chimene ndinachipeza m'miyezi imeneyo n'chovuta kuchifotokoza kwa munthu wofuna umboni wa zozizwitsa. Ngongole sinafufutike. Palibe mlendo anabwera ndi envulopu. Foni ikalira mtima unkagundabe. Koma m'mawa uliwonse tisanapite kumunda tinkakhala awiri pamkeka n'kuwerenga Salimo 46, ndipo ndinayamba kuona kuti Salimo limenelo silinena kuti mapiri sadzagwedezeka kapena kuti madzi sadzakokoma. Likuti zimenezo zingachitike, ife sitidzaopa. Ndi zomwe mayi wosadziwa kuwerenga uja anandiuza ndili ndi zaka 8, ine wodziwa kuwerenga n'kudzazimva ndili ndi imvi. Mfuti zinkamvekabe, koma ndinali nditagona m'nyumba.

Ndipo nyumbayo, ndaona ine, nthawi zambiri imakhala ndi nkhope za anthu. Kwa mayi uja, Mulungu anali ndi khitchini ya amayi anga ndi phala la mgaiwa. Kwa ine anali ndi amalume okhala pa mpando wa wokongoza maola awiri, ndi mayi wina wa Chigwirizano amene anabweretsa lichero la ufa osanena kanthu, ndi mkazi amene anakwiya koma sanachoke. Pamene ndinkabisala kwa anthu amenewa ndinkati ndikusunga ulemu wanga, osadziwa kuti ndikutseka khomo limene thandizo likanalowera.

Katapila uja tinamaliza kubweza mu Ogasiti 2024, ndipo chiphaso changa ndinakachitenga. Za ku banki m'khonde tinali titamaliza kale, chifukwa mayi akunyumba anati tiyambe ndi kumene kuli anthu odya nawo limodzi. Ndikulimabe mbatatesi, munda wochepa, ndipo ndimapopera mitambo isanasonkhane. Mvula yamvumbi ikagwa masiku atatu otsatizana ndimadzukabe usiku kukasuzumira panja.

Mayi uja pobwerera kwawo mu 1994 anatenga mabulangete ndi ziwiya zimene anapeza ali kuno, koma poto uja anawasiyira amayi. Anati alibe china chowathokozera nacho. Amayi atamwalira ziwiya zawo tinagawana, ndipo poto ameneyu palibe ankamufuna, poti ndi wopindika ndipo chogwirira chinathothoka kalekale. Mlongo wanga ankati timupatse wogula zitsulo zakutha. Ndinamutenga ine. Ali m'khitchini mwathu, mayi akunyumba amawiritsiramo madzi osamba.